Wakuba ndinamutsekera ndekha m'bokosi la majekete a amuna anga

Ine ndine mayi wachikulire, wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndipo kwathu kuno ku Mulanje aliyense amadziwa kuti sindikhulupirira munthu. Khasu langa limagona kunsi kwa bedi. Mlendo akatsanzika ndimaima pakhomo mpaka atakhota njira. Ndinkati kumeneko ndiye kuchenjera. Koma lero ndikuvomera pamaso panu, inu owerenga, kuti ndi manja angawa ndinawononga zinthu zimene malemu amuna anga ankazikonda koposa, ndipo ndinanamizira ufiti munthu wosalakwa. 

Amuna anga anali khukhi kuesiteti ya tiyi. Jekete lawo loyamba anawasiyira ndi bwana wina pobwerera kwawo. Linali lofiirira, laubweya wa nkhosa, lolemera, la zigamba zachikopa m'zigongono. Kuyambira pamenepo matenda a majekete anawalowa. Tsiku la msika ku Nkando, anzawo akuthamangira nsomba, iwo ali pa kaunjika kufukula mulu. Masuti sankawafuna ayi. Ankafuna majekete akalekale aja, ovala ndi thalauza lililonse. Ankalitembenuza mkati, kuwerenga kansalu ka telala amene analisoka, kulinunkhiza, kugogoda mabatani ndi chikhadabo kuti amve ngati ndi a nyanga kapena a pulasitiki. Pomwalira anali nawo khumi ndi anayi. Panali lina la mizere yonga minga ya nsomba, lina lobiriwira ngati tiyi wophukira kumene, lina labuluu la mabatani amkuwa limene ankavala pa Khrisimasi pokha.

Ine ndinkawaseka. Ndinkati, "Bambo, thupi ndi limodzi, onsewa mukavalira kumanda?" Iwo ankangoyankha kuti, "Mayi, jekete lili ngati munthu, limapuma." Loweruka lililonse kukawala ankawapachika pamthunzi wa mango n'kuwapukuta ndi bulashi. Sankawachapa ndi madzi, sankawapinda. Chiperoni chikagwa ankawasuntha kutali ndi khoma. Ntchito imeneyi ankathandizana ndi mng'ono wawo, alamu anga a Waisoni, amene ankasema timabokosi ta mkungudza ku Likhubula. Ndinkawaona awiriwo akugwiragwira m'matumba a majekete, koma sindinafunsepo kuti akuchita chiyani. Maso anga anali pa nkhuku zanga, kuopa alamuwo angatuluke ndi imodzi.

Amuna anga atagonekedwa kuchipatala cha mishoni anandipempha chinthu chimodzi chokha. Anati mdzukulu wathu woyamba, Fatsani, akadzakwatira adzavale jekete lofiirira lija. Ndinalonjeza nditawagwira dzanja. Patatha masiku anayi anatisiya.

Titaika maliro ndinalowa kuchipinda kukawerenga majekete. Khumi ndi atatu. Losowa linali lofiirira lomwe lija! Ndinayamba kupisa m'matumba mwa otsalawo. M'thumba lililonse munali kansalu komangidwa ndi ulusi, mkati mwake muli tizidutswa ta mtengo. Nditanunkhiza ndinadziwa kuti ndi mkungudza wa kuphiri. Nanga pabanja ponse, amene ankagwira mkungudza anali ndani? Sindinafunse munthu. Ndinangoti zithumwa izi, zochokera kuphiri kwa mizimu, ndipo ndi zimene zapha amuna anga. Ndinatola tonse n'kutentha kuseri kwa nyumba.

Mukudziwa mwambo wathu, tsiku lometa zovala za malemu zimagawidwa kwa abale ake. Malaya, mathalauza ndi nsapato ndinatulutsa. Majekete ndinakana. A Waisoni anaimirira mwaulemu n'kunena kuti lofiirira lili kwa iwo, ndipo ali ndi mawu amene achimwene awo anawasiyira. Sindinawalole kumaliza. Ndinakuwa pamaso pa ankhoswe ndi a mpingo kuti wakuba wadziulula yekha, ndipo wakubayo ndiyenso mfiti. A Waisoni, bambo wamkulu wa imvi, anangoweramitsa mutu. Anati, "Alamu, ndidzalibweza pa tsiku lake," n'kutola chipewa chawo. Pambuyo pake anatuma akazi awo kawiri kuti adzandifotokozere, koma kawiri konse ndinawabweza ali pabwalo.

Majekete otsala aja ndinawapinda limodzilimodzi, ndipo inali nthawi ya mvula. Lililonse ndinalikulunga m'jumbo, kumanga zolimba, kuika m'bokosi lachitsulo, kukhoma ndi maloko awiri. Bokosilo ndinalikankhira pakona, pansi, lotsamira khoma, n'kusanjikapo matumba a nandolo. Zaka zitatu sindinalitsegule, kuopa kuti wina angaone pamene ndimabisa makiyi. Ndinkagona tulo tabwino, ndikudziuza kuti chuma cha amuna anga ndachisunga.

Chaka chino Fatsani anapeza mbeta. Kutatsala sabata imodzi kuti ukwati uchitike anabwera ndi amayi ake, mwana wanga woyamba. Ndinamuuza kuti lofiirira linapita ndi akuba, koma asankhe limene angakonde mwa enawo. Ndinatsegula bokosi monyadira, dzuwa lili pamutu.

Inu owerenga, fungo limene linatuluka mmenemo sindidzaliiwala. Tinjenjete tinauluka n'kutigwera kumaso. Nditang'amba jumbo yoyamba ndinapeza nkhungu yoti mbuu. Ndinanyamula lobiriwira lija pamapewa, mkono wake n'kutsalira m'dzanja mwanga ngati tsamba lowola. La minga ya nsomba linali ngati sefa, ndinkaona nkhope ya mwana wanga kudzera kumsana kwake. Tinang'amba majumbo onse khumi ndi atatu. Panalibe ngakhale limodzi loti munthu n'kuponya pathupi. Mabatani anali atagwera pansi ngati nandolo wopuntha.

Ndipo taonani kuuma mutu kwanga, pakamwa panga panatulukabe mawu akuti, "Atilodza! Waisoni watilodza!"

Mwana wanga anati, "Amayi, mfiti yake ndi imene yakuulukirani kumasoyi."

Fatsani ankapisa m'matumba owola aja. Kenako anandifunsa kuti, "Agogo, nanga mkungudza uja uli kuti? Agogo aamuna ankati njenjete zimathawa fungo lake. A Waisoni ankabweretsa watsopano ukasuluka."

Ndinangokhala pansi padothi. Zimene ndinatentha sizinali zithumwa ayi. Anali alonda a majeketewo. Ndinathamangitsa alonda, n'kutsekera wakuba mkati ndi maloko awiri, n'kumamulondera ndekha zaka zitatu akudya. Lonjezo lija ndinalonjeza munthu akumwalira linathera pamenepo.

Lachinayi m'mawa ndinamva odi pabwalo. Nditasuzumira ndinaona a Waisoni ataima patali, dzanja lili m'mwamba, atanyamula chinthu chokutidwa ndi chitenje. Anali atachikweza choncho kuchokera pamene anatsikira minibasi, kuopa kuti chingakhudze fumbi.

"Alamu, lero musandithamangitse, mawondo anakalamba," anatero.

Anavundukula chitenje. Jekete lofiirira lija linali pa hang'ala, laukhondo, zigamba zachikopa zikuwala, kafungo ka mkungudza kakumveka ndili pakhonde. Ndipamene ndinamva mawu amene ndinakana kuwamva zaka zitatu. Amuna anga ali m'chipatala, ine nditapita kukaphika phala, anatuma a Waisoni kuti akatenge jeketelo kunyumba. Anawauza kuti, "Mlamu wakoyu ndi mkazi wabwino, koma majeketewa adzawapha ndi loko. Ili lokha likapumire kwa iwe mpaka Fatsani adzakwatire." Ndipo munthu amene ndinamutcha mfiti ankalipachika pamthunzi Loweruka lililonse, anthu a m'mudzi mwawo akumuloza zala chifukwa cha pakamwa panga.

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti amuna anga ankandidziwa mpaka pamenepo, ndipo sanalakwitse. Ndinagwada pabwalo pomwepo. Paukwati ndinapempha mpata n'kupepesa kwa a Waisoni pamaso pa anthu omwe aja anandimva ndikuwanyoza. Fatsani atalowa m'tchalitchi atavala jekete lija, amayi achikulire anagwira pakamwa, ankati malemu adzuka. Ine sindinathe kululutira. A Waisoni anandikhululukira, koma akazi awo mpaka lero amandipatsa moni wa patali, ndipo sindiwadandaula.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amasiye, munthu akakusiyirani chinthu, yambani mwafunsa mmene mwiniwake ankachisamalira. Chimene simukuchidziwa musathamangire kuchitentha, funsani kaye. Ndipo wina akati ali ndi mawu a malemu, khalani pansi mumve mpaka amalize, ngakhale mumamukayikira chotani. Sindikunamizani kuti ndasinthiratu, nkhuku ndimawerengabe madzulo alionse. Koma alamu anga akabwera ndimagwira imodzi n'kuwaphera. Mwa majekete khumi ndi anayi a amuna anga, limene lilipo lero ndi lokhalo limene silinasungidwe ndi ine. Kwa ine kwatsala mabatani m'kapu pawindo, ndi makiyi awiri a bokosi lopanda kanthu.