Envelopu Imene Ndinatsegula ku Indianapolis

Mwana wanga wamkazi anaphunzira zauphunzitsi ku Michigan uku akukhala ku South Bend, m'chigawo china choyandikana nacho. Malire ali pafupi, moti m'mawa ankawoloka pagalimoto ngati munthu wopita kuchigayo. Ine ndinachoka kumudzi kudzamulerera khanda, ndipo ndinali ndidakalipo pamene anapeza ntchito pasukulu ya ana aang'ono ku Indianapolis. Tinasamuka tikuimba nyimbo zotamanda.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kuno dziko ndi limodzi koma mapepala ndi ambiri. Kwathu mphunzitsi wa ku Nsanje amakagwira choko ku Chitipa popanda womufunsa. Kuno ayi, chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake. Laisensi yake yauphunzitsi ya ku Michigan a ku Indianapolis anaiona, nati ndi yabwino, koma anangomupatsa chilolezo cha chaka chimodzi kuti abweretse zonse zimene a ofesi ya zamaphunziro ankafuna. Chaka chonsecho mwanayo ankangothamanga: mayeso, maphunziro a kumapeto kwa sabata, kudinda zala. Chinatsala chimodzi, pepala la magiredi ake lochokera kukoleji, ndipo analiitanitsa masiku atatsala ochepa.

Linafika Lachiwiri iye ali kuntchito. Envelopu yaikulu, chidindo chofiira pomatira pake, ndi mawu a Chingerezi amene sindinalimbane nawo, poti ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Chizindikiro cha koleji ija ndiye ndinachizindikira. Ndinagwada pakhomo pomwepo kuthokoza Mulungu, kenaka ndinatenga mpeni n'kutsegula bwinobwino kuti ndisanjike manja papepala lenilenilo.

Ndili chigwadire ndinakumbuka malemu bambo ake. Satifiketi yawo ya ukalipentala inadyedwa ndi chiswe m'sutikesi, ndipo anamwalira akuidandaulabe. Chiyambire pamenepo, pepala lililonse lofunika pabanja pathu timalimata pulasitiki. Ndiye ndinabereka mdzukulu, n'kukwera basi mpaka ku Lafayette Road, kusitolo ina kumene amajambula mapepala ndi kuwamata pulasitiki. Mwini sitoloyo anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Ndinavomera kawiri konse. Linatuluka m'makina lili lotentha, likunyezimira, ndipo ndinabwerera nalo nditalikumbatira.

Ndinaliika patebulo, pakansalu koluka. Mwanayo polowa anaima njo.

"Amayi, envelopu ili kuti?"

"Ndataya, mwanawe. Taona, ngakhale mvula singalowe."

Anakhala pampando chikwama chili paphewa.

"Amayi, amafuna yosatsegula. Ikangotsegulidwa amati mwina tasintha magiredi."

"Tisinthe ife? Anthu opemphera?"

"Sakudziwani, Amayi."

Mawa lake anapita nalobe kuofesi kuja. Analikana. Mwanayo anaitanitsa lina, koma kukoleji anati liyembekezere nthawi yake. Ine ndinasala kudya masiku atatu, amayi anzanga a kutchalitchi anapemphera nane pafoni, koma tsiku lothera chilolezo linafika n'kudutsa. Ahedi anamuitana, namuuza kuti amamukonda, ana amamukonda, koma popanda laisensi sangaime kutsogolo kwa kalasi, ndipo kalasi singadikire. Anabwera kunyumba ndi katoni. Munali kapu yake, juzi, ndi zithunzi zimene ana anamujambulira, zina atamupatsa mutu waukulu kuposa thupi.

Ndinkafuna andikalipire, mwina ndikanapepukidwa. Iye anangoti, "Inenso ndinachedwa kuitanitsa, Amayi. Idyani." Mwana ameneyu Mulungu anandipatsa, sindinamuyenere.

Panopa akugwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Beech Grove. Amanyamula anthu, kuwasambitsa, kuwadyetsa. Akabwera ndimamusisita msana ndi mafuta, ndipo nthawi zambiri amagona ndisanamalize. Nanenso ndatopa. Mawondo anga atopa ndi kugwada, ndipo pena ndimangoti "Ambuye" basi, poti zotsalazo akuzidziwa kale.

Envelopu yachiwiri inafika patapita masabata. Nditaiona m'bokosi la makalata sindinaikhudze n'komwe. Ndinaisiya momwemo, n'kumasuzumira pawindo tsiku lonse ngati ndikulondera mbuzi. Iye atabwera anaitenga yekha, naiika patebulo.

"Bwerani muipempherere, Amayi. Koma manja kumbuyo."

Tinaseka, koyamba chibwerereni katoni ija. Ndinapemphera manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu pa asembule.

Laisensi anamupatsa. Koma pasukulu paja analembapo wina kalekale, ndipo kwina akuti aapulaye chaka chamawa. Pepala lija la pulasitiki ndinafuna kulitaya, iye anakana. Analipachika pafiriji. M'mawa uliwonse akamatenga chakudya chake chopita nacho kwa okalamba, ndimaliona likunyezimira, lopanda ndi banga lomwe.