Bambo Ankatseka Mwezi

Bambo ake a mphunzitsi wina wamkazi anamwalira ali ndi zaka 91, mano onse ali m'kamwa, liuma lawonso lili chilili. Anali akauntanti pa kampani yogulitsa malata ndi misomali, m'kachipinda kopanda zenera. Mapensulo ankanola ndi lezala, ndipo taye sankavula ngakhale kutenthe chotani.

Ntchitoyo inawatsatira mpaka kunyumba. Ku ofesi ankatseka mabuku mwezi ukamatha, ndiye kunyumbanso ankatseka mwezi. Tsiku lomaliza, ana onse asanu ndi mayi awo ankakhala patebulo, bambo n'kuvula magalasi.

"Amene ali ndi chakukhosi anene lero," ankatero. "Sitilowa nacho mwezi wamawa."

Milandu yake inali yoseketsa. Mwana wachitatu ankangolira za masokosi amene wina anamubera. Tsiku lina mayi anadandaula kuti amuna awo sanawayamikirepo diresi chikwatiranireni. Bambo anapepesa thukuta lili kamukamu, ana akufa nalo phwete. Ana atakula n'kubalalika, mayi atatsogola, bambo ankatsekabe mwezi pafoni.

Mphunzitsiyo, mwana woyamba, ndiye anawadwazika chaka chomaliza. Mlongo wake wotsiriza, makaniko, anabwera kamodzi kokha. Pamaliro mphunzitsiyo mtima unamupsa, ndipo anamukalipira mlongo wakeyo pagulu: "Ukulira chiyani iwe? Unali kuti?" Makanikoyo anangotola chipewa n'kumapita, foni osayankhanso.

Tsopano mwezi unali kutha, woyamba wopanda bambo, ndipo mphunzitsiyo anali ndi mantha. Mlongo wakeyo anatengera liuma la bambo. Mkwiyo ukanangolowa mwezi wina, ukanatha zaka. Mphunzitsiyo anapukuta tebulo lija n'kuika mipando. Abale ake atatu anafika masana, koma macheza ankangothera panjira, aliyense maso ali kukhomo.

Dzuwa litapendeka, panja panaima galimoto yotsokomola. Makanikoyo analowa ndi ovolosi yamafuta okhaokha, koma m'khosi anali atamanga taye imene bambo anamupatsa tsiku la ukwati wake. Mfundo yake inali ngati yomangira mbuzi.

"Achemwali, mwezi ukutha," anatero ali chiimire. "Ndili nacho chakukhosi."

"Nena, ndikumva."

"Munandichititsa manyazi. Ine ndinkabwera, achemwali. Ndinkafika pageti n'kubwerera. Sindinkatha kuwaona bambo akutha chonchija."

Mphunzitsiyo anamva chisoni chachikulu, misozi ili mbwembwembwe. Anamugwira dzanja lamafutalo osalisiya.

"Ndinakulakwira, mwana wa amayi. Khala pansi."

Makanikoyo anakhala. Kenako mphunzitsiyo anavula magalasi ake, anawaika patebulo, n'kuyang'ana abale ake mmodzimmodzi.

"Winanso?"

Wachitatu uja, amene tsopano ali ndi imvi ndi zidzukulu, anakweza dzanja.

"Ine ndi masokosi aja."