Kusala Kumene Sindinamalize

Amayi anagwa m'munda Lolemba m'mawa, akupalira chimanga. Munali mu Januwale, chaka chimene ndinali fomu folo. Kwathu ndi kwa Nsamala, ndipo bambo anamwalira ndili kupulayimale, choncho khasu la pakhomo pathu linali la amayi okha. Anthu anawanyamula panjinga mpaka ku Ulongwe, ndipo kumeneko anawatumiza ku chipatala chachikulu. Ine anachita kudzanditenga m'kalasi. Panalibe wina woti akakhale gadiyani, wowaphikira, kuwasambitsa ndi kuwachapira, popeza ang'ono anga awiri anali aang'ono kwambiri.

Dokotala anakoka chikope cha amayi n'kundionetsa. M'kati munali moyera ngati pepala. Anati amayi akhala akutaya magazi kwa miyezi ingapo chifukwa cha matenda a azimayi. Kunyumba sanauzepo munthu. Tikawafunsa ankangoti ndi kutopa kwa kumunda.

Kusukulu kwathu tinali ndi gulu la mapemphero, ndipo tinali titangophunzira kumene za kusala kudya. Madzulo a Lolemba lomwelo ndinapita kuseri kwa wodi, pansi pa mtengo wa nimu, n'kugwada. Zimene ndinanena ndinazilembanso m'kope langa lolembamo za tsiku ndi tsiku, ndipo ziripobe mpaka lero, za pensulo: "Ambuye, ndalonjeza. Kuyambira mawa sindidya kanthu, madzi okha, mpaka Lachinayi dzuwa litalowa. Inu muwachiritse amayi." Nditadzuka ndinamva mtima kupepuka. Ndinaona ngati ndapeza ntchito imene ine ndingaigwire.

Kumalo ophikira magadiyani ndinkasinthana mafuwa ndi mayi wina wa ku Machinga, Msilamu, wogulitsa matemba. Amuna awo anagwa panjinga yamoto n'kuthyoka mwendo. Anali mayi wamawu okwera, wosachedwa kuseka munthu. Tsiku loyamba atandiona ndikukoleza moto ndili muyunifomu, anandipatsa dzina.

"Fomu folo, nkhuni zonyowa sayatsa chonchi. Kusukulu kwanuko amakuphunzitsani chiyani?"

Lachiwiri linadutsa bwino. Lachitatu fungo la phala limene ndinkaphikira amayi linkandikumbutsa njala, ndipo ndikadzuka msanga maso ankachita mdima. Ndinkati ndi Satana akundiyesa. Amayi ankamwa masipuni atatu n'kukankha mbale. Ankapatsidwa mapiritsi owonjezera magazi, ndipo anamwino ankati magazi enieni akubwera kuchokera ku tauni.

Lachinayi m'mawa ndinawapeza amayi akupuma mothamanga ngati munthu wokwera phiri, chonsecho anali chigonere. Manja anali ozizira. Ndinawayankhulitsa, anangosuntha milomo. Dokotala atabwera sanachedwe pabedi pawo. Anandikokera pakhonde.

"Magazi a gulu la amayi anu atithera. Galimoto yobweretsa ena ifika mwina mawa, mwina mkuja. Sindikufuna kukunamizani, amayiwa sindikuona kuti angadikire mawa. Pezani wachibale apereke lero, labu yoyezera magazi isanatseke folo koloko."

Ndinabwereka foni ya mayi wa matemba uja. Amalume anali atawolokera ku Mozambique kudzera ku Nayuchi kukagula chimanga, ndipo foni yawo sinkalowa. Ndinayesa kasanu. Kenako ndinaimbira azakhali kumudzi.

"Iyayi mwanawe, ine magazi anga ndi ochepa kale. Ndiponso amene amakachotsedwa magazi sabwereranso mwakale, amangokhala ofooka mpaka imfa. Funsa ena."

Enawo kunalibe. Ndinabweza foni n'kupita ndekha ku labu.

Wa ku labu anali bambo wamagalasi, wovala gawuni yoyera yothina pamimba. Anandifunsa zaka, ndinati seventini. Anandibaya chala, nadontheza magazi pakagalasi, nasakaniza ndi timankhwala take.

"Mwayi wanu, chemwali. Gulu lanu ndi la amayi anu ndi limodzi. Kwerani pasikelo apo."

Ndinakwera. Potsika, chipinda chonse chinapendekeka. Ndinagwira thebulo, botolo lina linagubuduka. Bamboyo anandikhazika pampando nandiyang'ana milomo.

"Mwadya chiyani lero?"

Ndinayang'ana pansi.

"Nanga dzulo?"

"Ndikusala kudya, bambo. Ndikupempherera amayi. Lero ndi tsiku lomaliza."

Anavula magalasi aja napukuta m'maso. Sanandikalipire.

"Tamverani, chemwali. Ndikakuchotsani magazi muli chonchi, ndigoneka anthu awiri m'wodi muja, ndipo wophikira mnzake sapezeka. Pitani mukadye zenizeni, mumwe madzi ambiri, mugone pamthunzi. Mubwere thu koloko ndidzakuyezeninso. Mukadzanama ndidzadziwa, ntchito ino ndinaiyamba musanabadwe."

"Bwanji ndibwere dzuwa litalowa?"

"Dzuwa litalowa mupeza loko pachitseko. Ndiponso magazi ndikawachotsa sindithamanga nawo kuwodi pompo, ndimayamba ndawayeza. Thu koloko."

Nthawi inali itangodutsa leveni. Ndinabwerera pansi pa nimu paja. Sindinakhalepo ndi mantha ngati a tsiku limenelo. Ndinkaganiza kuti amayi akadali moyo chifukwa cha lonjezo langa, kuti ndilo chingwe chimene chikuwagwira. Ndikadya, ndiye kuti ndadula chingwecho ndi mano anga. Akamwalira madzulo, ndidzauza ndani kuti sindinali ine? Koma ndikapanda kudya, magazi kulibe. Ndinaganizanso zongomwa madzi ambiri n'kukanama kuti ndadya. Ndinaona kuti kumeneko ndi kuwonjezera bodza pamwamba pa kusala, ndiponso miyendo yanga inali itandiulula kale. Ndinayesa kupemphera monga tinkachitira kusukulu, mokweza, ndi mawu ambiri. Palibe mawu amene anabwera. Ndinangokhala pansi, mutu pamaondo.

Mayi wa matemba anandipeza pomwepo, atanyamula kapoto ndi chigubu cha thobwa.

"Fomu folo, mbale zako zikudyedwa ndi agalu uko. Nanga apa ukuikira mazira?"

Ndinawafotokozera zonse, ndikulira. Anaika poto pansi namanganso mpango wawo.

"Ndiye chifukwa chake masiku onsewa sindinakuone ukunyambita ngakhale mthiko! Ine ndinkati ndi ulemu wa kusukulu." Anakhala pafupi nane. "Ife Asilamu timafunga, kusala mwezi wathunthu, iwe masiku atatu okha wayamba kale kuona nyenyezi masana."

"Kwangotsala maola ochepa, amayi."

"Ndiye pita ukawauze amayi ako kuti adikire maola ochepawo. Uwauze kuti uli pa mpikisano."

Mawu amenewo anandipweteka. Ndinati iwo sangamvetse, ndinalonjeza kwa Mulungu ndi pakamwa panga.

"Kwathu wodwala safunga. Wa paulendo safunga, woyamwitsa safunga. Amadzabweza masiku ena. Ndiye ukundiuza kuti kwa inu Mulungu amakhala ndi wotchi m'manja ngati kapitawo wa ku esiteti? Mwanawe, amene anaika magazi a amayi ako m'thupi mwakomo ndani? Ine?"

Anavundukula poto. Munali futali wa chinangwa wotsira nsinjiro, wa amuna awo.

"Bambo aja asiye, mwendo ndiwo unathyoka, mimba ndi yonenepa kale. Samba m'manja."

Ndinayang'ana potoyo nthawi yaitali. Pemphero limene ndinapemphera pamenepo linali lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Ndinati, "Ambuye, ndalephera. Ndinkafuna kuwagwira amayi ndi mphamvu zanga, zatha. Ndikudya. Musawasiye chifukwa cha ine. Agwireni Inuyo." Sindinamve yankho lililonse. Mtima unkagundabe ngati ng'oma. Ndinatapa futali uja n'kuika m'kamwa, ndipo ndinameza pamodzi ndi misozi.

"Pang'onopang'ono, iwe! Usanza zonsezo. Imwa kaye thobwa."

M'mimba munapota kwambiri moti ndinapinda msana. Ndinaopa kuti ndisanzadi, ndipo ndinaopanso kuti kupotako ndi chilango. Mayiwo ankandisisita kumsana uku akundinena kuti ana a masiku ano mitu yathu yadzaza mabuku mpaka nzeru zasowa pokhala. Ndinadya theka la poto. Anayala nsalu yawo nandigoneka, iwo napita kukaona amayi m'malo mwanga. Atabwerako ndinawayang'ana kumaso kuti ndidziwe.

"Akupuma," anatero.

Thu koloko isanakwane ndinali kale pabenchi la ku labu. Bambo uja anandibayanso chala china, nandiyendetsa kuchoka pakhomo kufika pazenera, kawiri.

"Mwadya chiyani?"

"Futali ndi thobwa."

"Futali mu Januwale? Muli ndi abale abwino." Anayang'ana kamakina kake koyezera magazi nagwedeza mutu. "Mwadutsa, koma mwadutsira pampanda. Gonani apo."

Jekeseni ndinkaiopa kuyambira ndili mwana, ndipo singano imeneyi inali yaikulu kuposa zonse zimene ndinaziona. Ndinatembenukira kukhoma. Anandipatsa bandeji yokulunga kuti ndizifinya m'dzanja. Poyamba zinkayenda bwino. Kenako m'makutu munayamba kulira ngati nyenje, thukuta lozizira linatsika m'khosi, ndipo khoma linayamba kutalikira.

"Chemwali, musandithawe. Thumba la magazi lili pakati. Mukakomoka ndichotsa singano, ndipo thumba losadzaza sindingalipereke kwa wodwala. Tandiyang'anani. Muli fomu chani?"

"Folo."

"Mtima wa munthu uli ndi zipinda zingati?"

"Zinayi."

"Tchulani."

Ndinatchula ziwiri, zina ziwiri zinandithawa. Dzanja linali litasiya kufinya. Ndinkalilamula, osamva. Mumtima ndinkangobwereza mawu awiri, Ambuye ndigwireni, Ambuye ndigwireni. Ndinalibenso choti ndiwapatse posinthana nacho. Lonjezo ndinali nditaswa kale. Ndinaona zala zanga zikupindikanso pabandeji paja, kamodzi, kenako kawiri.

"Eya, choncho. Mayeso mukalephera ndithu, koma finyani. Likulu la dziko la Zambia ndi chiyani?"

Sindikumbukira ngati ndinayankha. Ndikukumbukira akunena kuti, "Basi, ladzaza," ndi kulemera kwa chala chake pathonje. Anandikweza miyendo pampando nandimwetsa madzi a shuga. Thumba lija analinyamula mosamala n'kulowa nalo m'chipinda chamkati kukaliyeza.

Ola limene linatsatira ndinalikhalira pambali pa bedi la amayi. Ndinkawerenga kupuma kwawo. Nthawi zina kunkaima, ine n'kuimirira, kenako n'kuyambanso. Namwino aliyense wodutsa ndinkamuyang'ana m'manja. Ndinayamba kuganiza kuti mwina apeza matenda m'magazi mwanga, mwina thumba latayika, mwina wa ku labu watseka wapita. Mayi wa pabedi loyandikana anandiuza kuti ndikhale pansi chifukwa ndikumuzunguza mutu.

Folo koloko itadutsa pang'ono, namwino analowa atanyamula thumba m'kabeseni. Anawerenga pepala kawiri, nafanizira ndi khadi la amayi. Msempha unavuta kupezeka. Anabaya dzanja lamanja, osaupeza, anabaya lamanzere, osaupeza. Anaitana mnzake wamkulu, amene anamenyamenya kuseri kwa dzanja mpaka kamsempha kanaoneka. Dontho loyamba linatsika m'kachubu, lofiira moderako, ndipo ndinalitsatira ndi maso mpaka linalowa.

"Muziwayang'ana," anatero namwino wamkuluyo. "Akayamba kunjenjemera kapena kutentha thupi, mudzatiitane msanga."

Sananjenjemere. Thumba litafika pakati ndinagwira phazi lawo ndipo linali lofunda. Kupuma kunayamba kutalika. Ndinafuna kuthokoza ndi mawu abwino, koma ndinangotsamira chitsulo cha bedi n'kunena kuti zikomo.

Mpaka lero sindinasiye kusala kudya, ndipo masiku atatu aja ndinadzawasala bwinobwino amayi atatuluka m'chipatala. Koma sindisalanso ngati munthu wogwira Mulungu pamkono kuti asathawe. Tsiku limene anandithandiza kwambiri ndi tsiku limene ndinabwera kwa Iye wopanda kanthu, pakamwa pali nsinjiro.

Lachisanu m'mawa ndinabwera ndi phala ndipo ndinawapeza amayi atakhala tsonga, atatsamira khoma. Dokotala anali atadutsa kale, ndipo anati zoopsa zapita, kwatsala kuchiza chimene chinkawatayitsa magazi. Amayi anaona pulasitala pamkono panga.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinawauza. Anandiyang'ana, maso ali ndi misozi, kenako anakwinya nkhope.

"Wakuloleza ndani? Mwana woonda ngati iwe?"

Ndinawapatsa mbale. Anagwira okha sipuni, analawa, analawanso kachiwiri.

"Phalali mulibe mchere," anatero.

Ndinatuluka kukapempha mchere kumalo ophikira.