Chikasu cha Abambo Patsinde pa Mango

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, chifukwa ndi chaka chimene ndinathamangitsa abambo anga pamudzi.

Abambo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Phalula, koma anakwatira amayi kwathu ku Chikweo, ndipo munda, nyumba, ngakhale ife ana, zonse zinali za kuchikazi. Chawochawo chinali kamalo ka patsinde pa mango, pamthunzi pomwe chimanga chinkakana, poti palibe ankakafuna. Apo ndi pomwe anadzala chikasu, chija timasinja n'kuthira mumpunga. Chinadzaza pansi ponse, masamba ake ngati a nthochi yaing'ono, ndipo mvula ikagwa pankamveka fungo la dothi lonyowa ndi zinyalala zowola.

Ankachisamala ngati khanda. Masamba a mango akayoyoka sankalola kuti tisese, ankati ndi chofunda chake. Ankathira manyowa a mbuzi owola bwino, ndipo udzu ankazula ndi manja kuopa kutema mizu. M'chilimwe masamba ake akauma n'kugwa, ine ndinkati chafa.

"Iyayi, Esinati, chagona chabe," ankatero. "Mvula ikagwa uchiona."

Amayi anamwalira ndili ndi zaka khumi. Patapita miyezi, achibale anawasudzula abambo, kuwamasula kuti abwerere kwawo. Ine ndi ang'ono anga awiri tinatsala m'manja mwa amalume, achimwene awo a amayi, munthu amene chiyambire sankamwerana madzi ndi abambo. Komabe kwathu mkamwini samuletsa kudzakolola chimene anadzala ndi manja ake, ndipo amalume anavomera zimenezo pamaso pa anthu.

Apa abambo anachenjera. Chilimwe choyamba anabwera, anakumba theka lokha, chotsalacho n'kukwirira bwinobwino ndi masamba. Anagona kwa mnzawo masiku atatu, akutimeta tsitsi, akuona makope athu a kusukulu. Chikasu chikatsala m'nthaka chimaphukanso, ndiye kuti chaka chamawa anali ndi chifukwa chobwerera kwa ana awo.

Amalume anaitulukira nzeruyo. Kukumba okha sakanatha, mudzi ukanawanena. Choncho anayamba ndi ine.

"Wamva? Bambo ako akwatira ku Phalula," anandiuza tsiku lina tikutonola chimanga. "Mkaziyo ali ndi ana atatu, onse avala nsapato. Kuno amabwerera chikasu chawo, osati iwe."

Anandiuza kangapo, modekha, ngati akundimvera chisoni. Mtima wanga unatupa. Kenako m'mawa wina, kutatsala masiku ochepa kuti abambo afike, amalume anangotsamiritsa khasu pamtengo wa mango uja n'kumapita kumsika.

Ndinakumba tsiku lonse. Ndinafukula dothi ndi zala, kufunafuna kamuzu kalikonse, chifukwa abambo omwewo anandiphunzitsa kuti kachidutswa kakang'ono kamaphuka. Ndinaunjika zonse kudzala, ndinaika mapesi pamwamba n'kuyatsa moto. Kenako ndinasesa patsindepo mpaka mbee! Ndisaname, ndinamva kukoma.

Abambo anafika masana pa kabaza kuchokera ku Nselema, thumba lopanda kanthu lili m'khwapa, mabanzi athu ali m'jumbo. Anakaima patsinde paja.

"Takulandirani, alamu," anatero amalume ali pampando. "Koma mwaona nokha, chanu chatha kuno."

"Wachita zimenezi ndani?" anafunsa abambo.

"Esinati, tabwera. Aonetse manja bambo ako."

Manja anga anali achikasu mpaka m'zikhadabo. Sopo anali atalephera masiku anayi. Abambo anagwira dzanja langa, kulitembenuza pang'onopang'ono. Ndinkayembekezera mbama, ndipo mwina ikanandithandiza.

"Wakumba chonse?"

"Chonse. Mukadzale kwa mkazi wanuyo."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana amalume.

"Mkazi uti, mwananga?"

Amalume anali akusenda nzimbe, sanadzutse n'komwe mutu. Abambo anapatsa ang'ono anga mabanzi aja, anapinda thumba lawo, n'kuitana wa kabaza yemwe uja asanapite patali. Kunalibe mkazi ku Phalula. Ankakhala okha m'kanyumba ka mlongo wawo, akugulitsa makala m'mbali mwa msewu. Anamwalira patatha zaka zitatu, ndipo uthenga unatipeza ataikidwa kale.

Amalume ndinawada mpaka kumanda, ndipo sindinalape. Ndinaphunzira kwa iwo kuti munthu wamkulu akafuna kuchita nkhanza osanenedwa, amabwereka manja a mwana. Koma tsopano, pamene ana anga ndi aakulu, ndikudziwa chinanso chimene chimandiwawa kuposa icho. Bodza lija ndinalimeza msanga chifukwa ndinkalifuna. Amayi anali atafa, ndinkafuna munthu woti ndimulange, ndipo pa anthu onse ndinasankha yekhayo amene sakanandibwezera.