Mchere m'Thumba la Bambo

Ndikukumbukira tsiku limene bambo anagwa m'munda wa mbatata ya kachewere ku Ntengo-Wambalame. Ndinali mtsikana wa zaka khumi, ndipo kumundako tinali awiriwiri, iwo akukumba, ine ndikutola. Ndinangomva khasu likugwa, kenako chithupi chawo chija khu! pamzere. Kukamwa kunapotokera mbali imodzi. Ankafuna kutchula dzina langa koma lilime linkakana. Ndinathamangira kumudzi ndikukuwa.

Anakakhala milungu iwiri kuchipatala ku Tsangano. Tsiku lotuluka, namwino anauza amayi ine ndikumva: "Ndi tensau, magazi akuthamanga kwambiri. Mankhwala ndi awa. Mchere achepetse, nkhumba yokazinga aleke, ndipo aziyenda tsiku lililonse. Ikabweranso siphonya."

Mawu otsirizawo anandilowa m'mafupa. Amayi anandipatsa ntchito yowaperekeza m'mawa uliwonse, kukafika kumtsinje n'kubwerera. Kunkazizira, mame akunyowetsa miyendo, bambo akukoka phazi lamanzere. Akangoima kuti apume, ine mtima phaa, poganiza kuti yabweranso. Ndinkamvetsera mpweya wawo kuposa mmene ndinkamverera aphunzitsi.

Kunyumba nako kunali nkhondo. Munthu amene anthu ogulitsa nkhumba pamsika ankamudziwa ndi dzina, tsopano ankadya nyemba ndi mpiru wowiritsa, nkhope ili ngati akumwa mankhwala. Tsiku lina tikudya, ndinaona dzanja lawo likulowa m'thumba la malaya n'kutuluka litatsina kanthu. Unali mchere, wokulunga m'kapepala.

"Papa, mukufuna mugwenso ndili ndekha?" ndinafunsa, misozi ili chuchuchu.

Anatulutsa kapepala kaja n'kundipatsa m'manja. "Kapatse amako," anatero. Sanabisenso. Patapita miyezi anayamba kudzuka okha, n'kumandidzutsa ineyo kuti tachedwa.

Mantha anga anatenga zaka kuti athe. Ngakhale nditakwatiwa ku Furancungo, foni ikalira kuchokera kumudzi ndinkayamba ndakhala pansi ndisanayankhe.

Lero zinthu zatembenuka. Ine ndimakhala pampando tsiku lonse ndikusoka, pambali pali botolo la zozizilitsa kukhosi, ndipo thupi layamba kundilemera. Bambo ali moyo, mutu uli mbuu. Mwezi watha nditapita kukawaona, ananditenga ulendo wokaona ng'ombe kuphiri. Tili pakati pa chitunda, amene anaima akupuma wefuwefu ndinali ine. Anatembenuka, nkhope ili ndi nkhawa.

"Mwanawe," anatero, "unakayezetsa liti?"