Meloni Linanunkhizidwa pa Soweto

Amayi atatuluka m'chipatala ndinawatengera kunyumba kwanga ku Kabwata, koma chakudya anachikaniratu. Tikabwera ndi phala ankatembenukira kukhoma, tiyi ankangonyambita. Kunali kotentha koopsa, milomo yawo inauma mpaka kung'aluka. Ndinkaona ndi maso angawa kuti tikuwataya, ndipo mantha anandigwira.

Namwino wina woyandikana nane anandiuza kuti ndiwayese meloni, vwende lija la khungu lokhakhala, lachikasu mkati. Anati lili ndi madzi ambiri, mavitamini A ndi C, komanso likapsa ndi lofewa moti munthu wofooka savutika kutafuna. Ndinatuma achimwene anga. Iwo anakasankha mmene tonsefe timasankhira mavwende wamba, kugogoda ndi chala khutu lili pafupi. Anabwera nalo losapsa, lolimba gwa, kukoma kwake ngati nkhaka. Amayi analavula.

Basi mlandu unagwera ine. Azakhali, amene anachokera ku Chilenje kudzadwazika matenda, anandikalipira pamaso pa aliyense. "Iwe, vakudya va anthu olemela a ku Kabulonga uvileke. Odwala ni phala. Ufuna kupaya amai ako na vozizila?" Achimwene anagwedeza mutu kuvomereza, ngati kuti wogula chosapsa uja anali wina.

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinawayankha kuti phala lawolo linakanidwa kalekale, ndipo nyumbayo ndi yanga. Ndinabwerera kwa namwino uja, iye anaseka za kugogodako. Anati meloni sagogoda, amanunkhiza. M'mawa mwake ndinakwera minibasi yopita kumsika wa Soweto ndekha.

Ndinafika pa mulu wa mameloni n'kuyamba kunyamula limodzilimodzi. Lopepuka ndinkabweza. Lobiriwira pansi pa khungu ndinkabwezanso. Lolemera bwino ndinkalidina pang'ono kunsi kuti ndimve ngati likufewa, kenako mphuno pomwe panathothoka phesi.

Mayi wogulitsa anadzuka pa mpando. "Imwe ba sisi, shani? Mphuno pa katundu yanga? Gogodani monga banzanu!"

"Ba mayo, nizagula yamene yanunkhila," ndinatero. "Ngati simufuna, niyende pa tebulo ina."

Anthu anaima n'kumandiyang'ana, ena kuseka. Manyazi ndinali nditawasiya ku Kabwata. Ndinapitiriza kununkhiza mpaka ndinapeza lina la fungo lotsekemera lomveka ngakhale lisanafike pamphuno.

Kunyumba ndinalitsuka khungu bwinobwino ndisanalidule, poti khungu lokhakhalalo limasunga dothi ndipo mpeni umalowetsa mkati. Ndinakokota njere, n'kuphwanya pang'ono ndi supuni m'kambale. Azakhali anaima pakhomo la chipinda atapinda manja, kudikira kuti ndichite manyazi kachiwiri.

Ndisanakhale n'komwe pabedi, amayi anatembenuka okha. Anakoka mpweya, n'kutsegula pakamwa. Anameza supuni yoyamba, yachiwiri, madzi akuyenderera pachibwano. Kenako ananong'ona kuti, "Kayimbe uyu." Ankanena timavwende tonunkhira timene tinkamera m'munda mwa chimanga kwawo ku Chipata ali mtsikana. Analoza kambale kuti ndionjezere, ine misozi ili chuchuchu.

Azakhali anasendera pafupi n'kutambasula dzanja. "Bwelesa supuni, iwe siuziba kudyesa odwala."

Ndinakana. Amayi anga ndinawadyetsa ndekha mpaka kambale kanayera.