Buku Lolemera la Mng'ono Wanga

Zaka zimene dzina la banja lathu silinkatuluka pa makuponi a feteleza, tonse tinkadalira mng'ono wanga. Iye anali kalaliki pa esiteti ina ya fodya ku Simlemba, ndipo malipiro ake ndi amene ankatigulira feteleza wa m'sitolo.

Kenaka mwini esitetiyo anagula kompyuta. Anauza makalaliki ake awiri kuti nyengo yogulitsa fodya ikadzafika adzasunga mmodzi yekha, amene adzathe kulemba pulogalamu yowerengera mabelo. Kalaliki winayo anali ndi mlamu ku Lilongwe womuphunzitsa. Mng'ono wanga anali ndi ine, poti ndinafika Fomu 4.

Tinakwera matola kupita ku Boma. Pafupi ndi msika panali bambo wina woyala mabuku akale pa chiguduli. Mabuku a chiyankhulo cha kompyuta chimene bwanayo anatchula analipo awiri. Lina linali lopyapyala, lachikuto chowala. Linalo linali lochindikala ngati njerwa, mapepala ake ofiirira.

"Kameneko n'ka ana a sukulu, mabwana," anatero wogulitsayo. "Nyamulani ili mumve."

Mng'ono wanga analiyesa m'manja, n'kundipatsa. Ife tinakulira pa fodya. Wabwino timamudziwa ndi kulemera ndiponso mtundu wake. Wopepuka sapeza mtengo ku okushoni. Palibe mwa ife amene anaganiza zoyang'ana chaka chimene bukulo linasindikizidwa.

"Achimwene, ili ndiye lili ndi mnofu," anatero.

"Tenga lomwelo."

Kompyuta ya ku esiteti ija mng'ono wanga sankaikhudza. Inkakhala m'chipinda chokiya, ndipo jenereta ankailiza pa ntchito ya bwana yokha. Choncho anaphunzira monga tinkaphunzirira katekisimu, poloweza. Miyezi yonse ya mvula ankayendera zigafa akunong'ona mizere ya m'bukulo. Akabwera kumudzi Loweruka ndinkamugwirira buku, iye n'kumalakatula osaphonya ngakhale kadontho. Mkazi wake ankamuseka.

"Bambo ake, mpingo mwayambitsawu chopereka chake tidzachiona liti?"

Tsiku loyesedwa analemba zimene analoweza. Kompyuta inakana mzere woyamba womwe. Anaufufuta n'kuulembanso chimodzimodzi. Inakananso. Mnzake uja anasuzumira.

"Aise, izi anthu anasiya kalekale. Chiyankhulochi anachisintha. Buku lako analemba ndi agogo ako?"

Ife sitinkadziwa kuti chiyankhulo cha makina chimasintha buku likadali lolimba. Kusukulu samu ya chaka chino inali yomweyo ya chaka chatha.

Mwezi utatha anamuchotsa ntchito. Mvula yotsatira tinadzala chimanga popanda feteleza, ndipo chinachita chikasu chisanafike m'chiuno. Mng'ono wanga anabwerera ku esiteti komweko kukapempha malo a utenanti. Anamupatsa kanyumba kaudzu kumalire a munda, pakati pa mabanja ochokera kummwera. Mkazi wake anakana kumutsatira. Anatenga ana n'kupita kwawo ku Kaomba.

Ndinapita kukamuona akusoka fodya m'chigafa. Anangondifunsa ngati ndinamva za ana.